Tsoka Ili Limanunkha

Makolo athu anati tsoka silinunkha. Ine ndakula ndikuvomereza mwambi umenewu, ndipo pa zaka zanga za uphunzitsi ndaulembetsa ana a eni ake m'makope kosawerengeka, koma lero ndilolereni nditsutsane nawo pang'ono. Lilipo tsoka lina limene limanunkha. Limanunkha ngati dzira losukusa limene nkhuku yalisiya m'chisa, ndipo aliyense amene anadutsapo pafupi ndi thanki ya zonyansa yotsekula, kapena pa madamu a suweji a kwa Kauma mu Lilongwe, fungo lake akulidziwa. Kuipa kwake nkwakuti likafika pa msinkhu wopha munthu limaleka kununkha. Apo mwambi uja umabwerera m'malo mwake, ife nkunyamula makasu ulendo wa kumanda.

Chandidzutsa kuti ndigwire cholembera ndi mphwanga wa ku Nathenje, mwana wa mlongo wanga. Mwezi wathawu anatulukira kwathu kuno ku Mitundu pa njinga yake ya kabaza, thukuta lili kamukamu, foni ili m'manja. Ati pa WhatsApp pali uthenga woti akufuna anyamata amphamvu okagwira ntchito ku zitsime za mafuta ku maiko a Aluya, malipiro ake m'madola. "Atsibweni, ndibwerekeniko ndalama ya pasipoti, ndikakangolandira koyamba ndidzakubwezerani." Ndinamufunsa funso limodzi lokha, kuti kodi unamvapo za mpweya wotchedwa hydrogen sulphide? Anakanda m'mutu nati dzinalo anakumana nalo pa mayeso a Fomu 4, koma chimene umachita mpweyawo waiwala. Kenaka anaseka. "Komatu atsibweni, ine fungo sindiliopa. Ndinakulira kukhola la nkhumba."

Mawu amenewo anandilasa mtima, chifukwa ndinawamvapo kale pakamwa pa munthu wina amene lero kulibe.

Msuweni wanga anali munthu wa ganyu. Ankakumba zitsime ndi zimbudzi, ndipo dzinja likafika, zimbudzi za m'tauni zikayamba kusefukira, ankapalasa njinga m'bandakucha kupita mu Lilongwe kukatapa. Chaka china mwini nyumba ina yogona alendo anamuitana pamodzi ndi anyamata awiri. Galimoto yopopa inali itabwerapo nkuchotsa madzi a pamwamba, koma matope a pansi anali atauma gwa, ndipo kuyiyitananso kunali kodula. Zipangizo zimene anawapatsa ndi izi: makwerero, ndowa, chingwe, fosholo, ndi kabotolo ka kachasu ati kophera fungo. Msuweni wanga ndiye anatsika. Mnyamata amene anapulumuka anandiuza kuti atayamba kuvundula matopewo ndi fosholo, anafuula ali pansi kuti, "Amwene, lero zili bwino, fungo latha!" Sipanadutse nthawi, fosholo inagwa, iye nkugwera pomwepo, osalira ngakhale mayo. Mnzake wachiwiri, mwana wa zaka za m'ma 20, analumphiramo kuti akamunyamule. Anangomugwira phewa nayenso nkugwa. Wachitatuyo anamugwira ndi mlonda wa pamalopo, anachita kumukumbatira m'chiuno akuphiriphitha kuti alowe. Mlonda ameneyo, amene dzina lake sindilidziwa, anatichepetsera mabokosi kuchoka pa atatu kufika pa awiri.

Pa siwa, inu mukudziwa kale zimene zinkanenedwa kuseli kwa nkhokwe. Ati bwana uja wakhwimira bizinesi yake. Ati munthu angafe bwanji osavulala, osatuluka magazi, anthu awiri nthawi imodzi? Pali dzanja la munthu apa. Bwanayo anatumiza mabokosi, thumba la ufa, shuga ndi kaenivelopu, ndipo a mfumu anathokoza pamaso pa khamu kuti ulemu wotere ndi wosowa masiku ano. Ine mphunzitsi wa sayansi ndinali pomwepo, nditakhala pa benchi ya akuluakulu, ndikudziwa bwino lomwe chimene chinapha anthuwo, koma ndinati chete poopa kusokoneza mwambo wa maliro. Manyazi a tsiku limenelo ndikuyenda nawobe, ndipo nkhani inoyi ndi ngongole imene ndachedwa kubweza kwa alamu anga ndi ana awo anayi.

Abale anga, nkhani ya ufiti imeneyi ndi mphatso yaikulu imene timawapatsa mabwana otere. Timaganiza kuti tikuwanyoza, chonsecho tikuwamasula. Lamulo la za ufiti la mu 1911 silivomereza kuti munthu angaphe mnzake m'matsenga, ndipo amene limamulanga ndi wotchula mnzake kuti mfiti. Ndiye kuti tikati bwana wakhwima, tamuimba mlandu umene khoti silingaumve. Pamene tikanati bwana watsitsira anthu m'dzenje lopanda mpweya wabwino, osaliyeza, osawapatsa zodzitetezera, tikanakhala ndi pogwira. Dziko lino lili ndi lamulo la mu 1997 la chitetezo ndi umoyo wa anthu pa ntchito, limene limasenzetsa olemba ntchito udindo woonetsetsa kuti malo ogwirirapo ntchito sakupha anthu. Lilinso ndi lamulo la mu 2000 la chipukuta misozi kwa ovulala ndi omwalira pa ntchito. Koma pakati pa malamulo amenewa ndi munthu wa fosholo paima liwu limodzi, liwu loti ganyu, ndipo mabwana amabisala kuseli kwake ngati mwana kuseli kwa chitenje cha amake. Sindinamulembe ntchito ine, anangobwera kudzapempha ganyu. Eti? Nanga thankiyo inali ya yani?

Tsono imvani chimene chinapha msuweni wanga, pakuti chilibe nyanga ndipo sichiuluka pa lichero. Kulikonse kumene zinthu zikuwola popanda okosijeni, kaya ndi m'chimbudzi, m'thanki ya zonyansa, m'dzenje la ndowe za nkhumba kapena m'thanki yopangira gasi wophikira kuchokera ku ndowe, muli tizilombo tosaoneka ndi maso timene timatulutsa mpweya wa hydrogen sulphide, umene akatswiri amaulemba mwachidule kuti H2S. Ulibe mtundu. Ndi wolemera kuposa mpweya umene timapumawu, kotero kuti umakhazikika pansi pa dzenje, pamene pali mphuno ya wogwira ntchito akawerama. Wambiri umakhala utabisala m'matopemo, monga umo mpweya umabisalira m'botolo la Fanta losatsekula. Ukavundula ndi fosholo, wagwedeza botolo nkulitsekula. Nchifukwa chake dzenje limene munthu analowamo dzulo nkutuluka bwinobwino likhoza kumupha lero.

Amauyeza m'magawo a pa miliyoni, chimene amalemba kuti ppm. Mphuno ya munthu imaumva usanafike nkomwe pa 1 ppm. Ukakwererapo maso amayamba kuyabwa ndi kutuluka misozi, mutu kuwawa, kukhosi kukanda. Cha pa 100 ppm umapha mitsempha yonunkhizira, ndipo apa ndi pamene msuweni wanga anati fungo latha. Pakati pa 500 ndi 700 ppm munthu amadzandira nkugwa m'mphindi zochepa. Pofika pa 1,000 ppm, kupuma kamodzi kapena kawiri nkokwanira. Ndipo 1,000 ppm imeneyo musaione ngati chinambala chachikulu, ndi njere imodzi ya chimanga pakati pa njere 1,000. M'thupi mpweyawu umatseka njira imene timaselo timagwiritsira ntchito okosijeni, monga imachitira poizoni ya cyanide, ndiponso umaziziritsa mbali ya ubongo imene imalamula kupuma.

Okumba zitsime akuno ali ndi nzeru yotsitsa kandulo kapena koloboyi m'dzenje asanalowe, ati ikapitirira kuyaka ndiye kuti muli bwino. Nzeru imeneyo imangoonetsa ngati okosijeni wachepa kwambiri. Kandulo imayaka bwinobwino mu mpweya wa H2S wokwanira kupha mudzi, ndipo m'thanki ya zonyansa lawi likhoza kuphulitsa gasi amene ali momwemo. Kansalu konyowa kapamphuno nkopanda ntchito. Timasiki tija tinatsala pa Covid ndi chimodzimodzi. Kachasu ndiye ndisanene, amangochotsa mantha amene akanamupulumutsa munthu. Chimene chimathandiza ndi kuyeza mpweya ndi makina munthu asanalowe ndiponso nthawi yonse ali mkati, kupopera mpweya wabwino m'dzenje, kumuveka wolowayo lamba womangirira chingwe kuti akokedwe ndi anthu ali kunja, ndi kumupatsa mpweya wakewake wa m'botolo kapena wa m'paipi ngati muli poizoni. Ndipo lamulo lowawitsa kuposa onse ndi ili: mnzako akagwa, usalowe. Mu 1986 bungwe la NIOSH la ku America linachenjeza kuti mwa anthu 100 alionse ofera m'malo opanikizika otere, oposa 60 anali olowa kukapulumutsa anzawo. Umunthu wathu womwewu, umene timaunyadira, ndi umene mpweyawu umatchera nawo msampha.

Zimenezi si zachilendo ayi. Mu 1700 dokotala wa ku Italy, Bernardino Ramazzini, anatulutsa buku la matenda a anthu ogwira ntchito, ndipo chimene chinamuyambitsa ndi munthu wotapa chimbudzi cha panyumba pake ku Modena, amene ankagwira ntchito mothamanga chifukwa maso ankamuwawa koopsa. Dokotalayo anadzichepetsa nkumufunsa munthuyo. Zaka zoposa 300 zadutsa, koma ife munthu wotapa chimbudzi timamulambalala titagwira mphuno, chonsecho pa kolera wa mu 2022 ndi 2023, amene anapha Amalawi oposa 1,700, tinaona tonse chimene chimachitika zonyansa zikasowa wozisamala.

Mwina wina afunsa kuti nanga chimbudzi cha mu Lilongwe chikukhudzana bwanji ndi zitsime za mafuta za mphwanga uja? Mpweya wake ndi womwewo, kusiyana kwake nkwakuti ku mafuta umabwera ndi ukali wa pansi pa nthaka. Si chitsime chilichonse chili nawo, koma zimene zili nawo amazitcha zowawasa, ndipo ku maiko a Aluya zilipo zoopsa zedi. Gasi wa ku Shah ku Abu Dhabi, pafupifupi magawo 23 pa 100 alionse ndi H2S. Yerekezani ndi njere imodzi ija pa njere 1,000. Pobowola, mpweyawu umatha kukwera pamodzi ndi matope amene amazungulitsa m'chitsime nkutulukira pamene amasefera matopewo, pomwe pamaima anyamata a ntchito za manja. Umadzaza m'matanki a mafuta, munthu akatsekula chivundikiro kuti ayeze nkumuwomba kumaso. Umadyanso chitsulo nkuchichititsa ming'alu. Nchifukwa chake pa malo obowola oyendetsedwa bwino wantchito aliyense amavala kachipangizo kolira pachifuwa, pamakhala kathumba kansalu pamtengo koonetsa kumene mphepo ikulowera, ndipo munthu asanagwire ntchito amayamba waphunzira kuvala botolo la mpweya mwachangu ndi kuthawa mopingasa mphepo kenaka molimbana nayo, kulunjika kumtunda.

Zimenezi zikalephereka, ofa sakhala antchito okha. Usiku wa pa 23 December 2003, chitsime cha gasi chinaphulika ku Gaoqiao m'boma la Kaixian, ku Chongqing m'dziko la China. Mpweya unatsetserekera m'midzi ya m'zigwa anthu ali mtulo. Anafa anthu 243, ochuluka a iwo alimi ngati ife, ana ndi nkhalamba, pamodzi ndi ziweto zawo, ndipo zikwi zambiri anasamutsidwa. Kafukufuku anapeza kuti obowola anali atachotsa valavu yoletsa gasi kubwerera m'paipi, ndipo panadutsa maola pafupifupi 18 asanayatse moto pachitsimepo kuti poizoniyo apse. Ku America konko, kumene timati zonse zili m'malo, pa 26 October 2019 wantchito wina ku Odessa m'chigawo cha Texas anapita kukaona pampu imene inaliza alamu, ndipo sanabwerere. Mkazi wake atadikira osamuona ananyamula ana awiri pa galimoto kukamufuna. Analowa m'nyumba ya mapampuyo nayenso nkufa. Anawo anapulumuka chifukwa anatsala m'galimoto. Bungwe la boma lofufuza ngozi zotere linapeza kuti makina ochenjeza za mpweyawu pamalopo sankagwira ntchito, ndipo kachipangizo ka bamboyo kanali m'galimoto yake. Nditawerenga nkhani imeneyi ndinaona msuweni wanga ndi mnyamata uja. Wina agwa, womukonda amutsatira.

Tsono tibwere kwathu. Boma linagawa dziko lino m'zigawo 6 zofufuzamo mafuta. Mu 2011 kampani ya ku Britain ya Surestream Petroleum inapatsidwa zigawo ziwiri za kumpoto kwa nyanja, mu 2012 mkangano wa malire ndi Tanzania unabuka, makampani ena monga SacOil ndi RAK Gas analandira zigawo zawo, ndipo mu November 2014 boma la a Peter Mutharika linaimitsa ziphasozo kuti liziunikenso. Pa zaka zonsezo tinakangana za chambo, za alendo odzaona nyanja, za malire, za amene anasaina chiyani chisankho chili pafupi. Zonsezo ndi nkhani zofunika, sindikukana. Koma ine m'makutu mwangamu simunalowe liwu lonena za mapapo a mnyamata amene adzaime pa chitsimecho. Lamulo lathu la zofufuza ndi kukumba mafuta linalembedwa mu 1983, nthawi imene wantchito wofunsa funso ankaonedwa ngati woukira. Ndipo tisanamizane, mafuta akadzapezeka, mainjiniya adzachokera kunja ndi zipangizo zawo ndi inshuwalansi yawo. Wotsuka thanki adzachokera ku Nathenje, ku Karonga, ku Nkhotakota, kudzera kwa kontirakitala wa kontirakitala, ndipo dzina la ntchito yake lidzakhala lomwe lija, ganyu.

Ndikudziwa amene ayankhe kuti mdala uyu akudana ndi chitukuko, akufuna ana athu azingopalasa kabaza mpaka imvi. Ayi ndithu. Inenso ndatopa nayo mizere ya pa filing'i siteshoni, ndipo ndikufuna mphwanga adzamange nyumba ya malata. Koma nyimbo yoti ntchito kaye, za chitetezo tidzaona, tinaivina kale. Atate athu anapita ku Joni pa Wenela ndi pa Teba ali ndi zifuwa zabwino, nkubwerako ndi njinga, wailesi, jekete ndi chifuwa chosatha cha fumbi la m'migodi. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown nkupha Amalawi 74 akubwerera kwawo, ndipo mpamene Kamuzu analetsa kulemba anthu. Za fumbi zija zinadikira mpaka 2019, pamene khoti la ku Johannesburg linavomereza mgwirizano wa 5 biliyoni randi wolipira odwala silicosis ndi TB ya m'migodi ya golide. Pofika chaka chimenecho, ambiri a m'midzi yathu ino anali atagona kale kumsitu, amasiye awo akusakasaka timapepala timene chiswe chinadya. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, koma ife chinatiwona kale ifeyo, ndiye tikudikiranso chiyani?

Dziko limene likulephera kuteteza munthu m'dzenje la mamita atatu pakati pa likulu lake lisatiuze kuti lidzamuteteza pa chitsime cha makilomita atatu pakati pa nyanja. Mayeso ake ali pompano. A unduna wa za ntchito, oyendera malo a ntchito anu akhale ndi makina oyezera mpweya ndi mafuta a galimoto, ndipo imfa ya m'thanki izifufuzidwa ngati imfa ya pa ntchito, lipoti lake lizituluka poyera. A khonsolo, musapereke chiphaso kwa kampani yopopa zonyansa imene ilibe makina amenewa, ndipo mwini hotela kapena sukulu wotsitsira munthu m'thanki ndi chingwe cha ndowa aziyankha kukhoti, asamathere pa thumba la ufa. Kachipangizo kapachifuwa kaja mtengo wake sufika pa foni imene bwana amasinthasintha chaka ndi chaka. Koleji ya Bunda ili pakhomo pathu pompano, ndipo achinyamata ambiri akulimbikitsidwa kuweta nkhumba ndi kupanga gasi wa ndowe. Ndikupempha aphunzitsi a kumeneko ndi a TEVETA kuti phunziro la mpweya umenewu lituluke m'makalasi, lifike pa msika wa Mitundu m'Chichewa chomveka. Inunso mafumu athu, pa maliro otere, musanathokoze enivelopu, muzifunsako kuti kodi malemuwa anawapatsa chiyani polowa m'dzenjemo.

Ndi ife aphunzitsi tisadzipatule. Mwana amene ndinamuphunzitsa kulemba H2S pa bolodi nkukhoza mayeso, koma osamuuza kuti fungo likatha athawe, ndinamuphunzitsa chiyani?

Mphwanga uja ndinamukhazika pansi mpaka dzuwa kupendeka, ndipo nkhani ya msuweni wanga, imene iye ankaidziwa ngati ya ufiti, ndinamufotokozera monga ndafotokozera pano. Kenaka ndinang'amba pepala m'kope nkumulembera mafunso oti atumize kwa anthu a uthengawo: dzina la kampani ndi malo enieni a ntchito, ngati gasi wa kumeneko ali ndi H2S, amene adzalipire maphunziro a chitetezo asanayambe ntchito, ngati adzapatsidwe kachipangizo kakekake ndi botolo la mpweya, ndiponso amene adzalipire amake ndi kubweretsa thupi zinthu zikadzavuta. Funso lomalizali analiwerenga kawiri, nati, "Atsibweni, mukundilosera?" Ndinati tumiza basi.

Anatumiza ndili pomwepo. Yankho linabwera m'mawa mwake, ndipo anandiimbira foni kundiwerengera. Ati malo atsala ochepa, atumize msanga ndalama yolembetsera pa nambala imene ili m'munsiyo. Za mafunso asanu aja sanayankhepo ndi limodzi lomwe. Ndalama ya pasipoti ikadali m'thumba mwanga.